Matenanti a M'mimba mwa Adada

Adada anakhala akupha tizilombo moyo wawo wonse wa ntchito, ndipo boma linkawalipira chifukwa cha zimenezo. Anali woyendera zaukhondo. Ankalowa m'misika, m'mabutchala ndi m'malesitilanti atavala gauni yoyera, n'kumanunkhiza nyama, kusuzumira m'zimbudzi za eni ake ndi kuthira klorini m'zitsime za anthu amene sanawapemphe. Azimayi ogulitsa nsomba akangoona gauni ija ikubwera poteropo, ankayamba kuingitsa ntchentche mwamphamvu ngati aziona kumene.

Akaweruka, ntchito ankabwera nayo kunyumba. Kwathu chilichonse chinkawira. Madzi akumwa ankawira, mkaka unkawira, supuni ikagwa pansi inkapita m'poto. Amama anakwatiwa kuchokera ku Nkhata Bay ali mtsikana wozolowera kumwa madzi ndi chikhatho pamene ludzu lawapezera, koma adada anawaphunzitsa mpaka anaposa mphunzitsi wawo. Ine ndinakula ndikudya mango ofunda, chifukwa amama ankayamba awaviika kaye m'madzi otentha. Mpaka lero ndikadya mango ozizira ndimacheuka kuona ngati pali amene akundiona.

Nyumba yathu ya ku Luwinga, ku Mzuzu, adada anaimanga kudakali tchire, nthawi imene minibasi inkakutsitsa kutali n'kumaliza ulendo wapansi m'matope. Anzawo ankawaseka kuti akukakhala ndi anyani. Kenako kunabwera yunivesite, ana asukulu anasefukira m'mahositelo n'kuyamba kugogoda m'makomo kufunsa zipinda. Adada anali atangopuma pa ntchito. Anamanga chipinda chimodzi kuseri, kenako china, kenako china, mpaka dimba la amama linatha, khola la nkhuku linatha, mtengo wa magwafa unagwa. Kunangotsala kanjira kopita kubafa.

Ulandilodi unawakhala kuposa gauni ija. Tenanti aliyense watsopano ankamuimika pakhonde chikwama chidakali kumsana, n'kumuuza malamulo. Madzi otsukira mbale satayidwa pakhomo. Wailesi isamveke kwa mnzako. Ndipo lamulo lalikulu, limene ankalinena atakweza chala, linali lakuti tenanti salowetsa tenanti mnzake. Ana asukulu anali ndi chizolowezi choti chipinda alipira mmodzi koma ogonamo ndi mpingo. Adada ankawagwira m'mawa poyang'ana masilipasi amene ali pakhomo, ndipo anyamata ena anafika pomalowa ndi masilipasi awo m'bulangete.

Matenda anayambira ku nsapato. Tsiku lina Lamulungu nsapato zawo zakutchalitchi zinakana kulowa, ndipo adada anazungulira zipinda zonse kufunsa amene wawasinthira. Sizinali nsapato, anali mapazi. Bipi anali nayo kuyambira kale, koma ankaiona ngati mnzawo wakale wosafunika kumupatsa mpando. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa ku Masasa, ndipo ndine ndinawakokera kuchipatala, iwo akutsutsa njira yonse.

Adokotala anali mayi wolankhula pang'onopang'ono. Anati impso zatopa, ndipo sizidzabwerera mwakale. Chimene tikanatha n'kuzithandiza kuti zisafulumire kutheratu. Mapiritsi a bipi azimwa tsiku lililonse, mchere achepetse, ndipo nthochi, nyemba ndi mapeyala azitalikire, chifukwa muli mchere wina wotchedwa potaziyamu umene impso zofooka zimalephera kutulutsa, ndipo ukachuluka m'magazi umasokoneza mtima. Zikakanika, kunatsala makina osefa magazi. M'zaka zimenezo makinawo kwathu kunalibe, anali ku Lilongwe, ndipo munthu ankafunika kupitako kangapo sabata iliyonse. Kunena mosabisa, kunali kusamuka.

Ku Lilongwe kunali mchimwene wanga, m'kanyumba kalendi, ndi mkazi wake ndi ana. Adada akanakagona m'chipinda cha adzukulu, pansi pa zithunzi za osewera mpira. Za imfa sanafunse chilichonse. Titatuluka m'chipatalamo anaima pa geti n'kunena kuti, "Ine kukakhala tenanti wa mwana wane? Yayi. M'nyumba mwanga sinditulukamo."

Miyezi yoyambirira anamvera. Ankadya ndiwo zopanda mchere nkhope ili gwa, ngati munthu amene akutumikira chilango chimene sanalakwe. Mapiritsi ankamwa. Ndinayamba kukhulupirira kuti tipulumuka ku Lilongwe, ndipo mwina tikanapulumuka nthawi yotalikirapo pakanapanda nsomba.

Chipinda chachikulu cha kuseri ankakhalamo lekichala wina wochokera kummwera, wophunzitsa ulimi wa nsomba. Anali munthu waulemu, wowerenga kwambiri, wa mtundu uja wosatha kusunga zimene wawerenga. Sindimuimba mlandu, ngakhale kwa chaka chathunthu ndinkamuyankha moni ndi mphuno. Madzulo ena ndinawapeza awiriwa pakhonde, lekichala akufotokoza, adada atapinda manja.

Ankanena kuti m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosawerengeka, ndipo tambiri n'tabwino. Impso zikafooka, zoipa zimene zinkayenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'thupi, ndipo m'matumbo muja zinthu zimasokonekera. Tizilombo toipa timachuluka n'kumapanga poizoni amene amalowa m'magazi, kukawonjezera katundu pa impso zotopa kale. Ndiye akatswiri ena akuyesa kupatsa odwala makapusozi a tizilombo tabwino tamoyo, kuti mwina poizoni uja angachepe.

"Koma bambo, ndikuti mwina," anatero lekichala. "Sanatsimikize. Mwina zimathandiza pang'ono, mwina ayi. Mufunse adokotala kaye."

Ndinamumva ndi makutu anga akunena mwina mobwerezabwereza. Adada sanamve ngakhale mmodzi. Poyamba anakwiya kumene.

"Kachilombo kabwino? A lekichala, ine ndagwira ntchito mpaka imvi izi, sindinakumanepo nako."

"Tiliko bambo. Timakhala mwa inu, timakugwirirani ntchito. Inu mumangotipatsa pogona ndi chakudya."

Ndinaona nkhope ya adada ikumasuka pang'onopang'ono, ndipo nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Inali yomwe ija ankaonetsa akaona malo pamene pangakwane chipinda china.

"Ndiye kuti ndi matenanti," anatero.

Mchimwene wanga, amene ankaopa kusamuka kwa adada kuposa adada eni ake, anagula botolo ku famase ya ku Lilongwe n'kulitumiza pa basi. Adada anakalilandira okha kudepoti atavala jekete. Atamva kuti tizilomboto timafuna pozizira, anapatsa botololo shelefu yakeyake m'filiji, ndipo majarini ndi soseji za ana asukulu zimene zinkasungidwa pamenepo zinapatsidwa notisi tsiku lomwelo. Magetsi akazima, zomwe zinkachitika kawirikawiri, ankatenga mpando n'kukhala kutsogolo kwa filiji kuti wina asatsegule. Munthu ukafuna madzi ankakuuza kuti udikire, muli anthu akupuma. Ndinawakumbutsa kuti tikafunse adokotala. Anati adokotala tidzawauza zotsatira zikaoneka, kuti nawonso adzaphunzirepo.

Vuto linali limodzi. Makapusoziwo anali aakulu, ndipo chiyambireni kudwala adada ankachita nseru akameza chinthu chouma. Amama anati asadandaule, azitsegula kapusozi n'kuthira ufa wakewo m'phala la m'mawa. Kukhitchini adada sankalowako, ankati anayendera makhitchini okwanira pa moyo wawo. Ine ndinkafika masana ndikaweruka. Choncho ntchito yolowetsa matenanti m'nyumba inali ya amama okha, ndipo ankaigwira mokhulupirika m'mawa uliwonse.

Sipanathe sabata, adada anayamba kumva kuti alendo afika. Akatha kudya ankakhala pakhonde dzanja lili pamimba, mutu ataupendeketsa. M'mimba mukalira ankagwedeza mutu. "Akukoka mabedi," ankatero. Mukalira kwambiri ankagogoda ndi chala pamwamba pa mchombo n'kunena kuti ena akugona, phokoso lichepe. Mpweya ukatuluka, ndipo unkatuluka, ankalengeza mosachita manyazi kuti ameneyo ndi mmodzi wa oipa aja, wapatsidwa notisi. Zinachitikapo m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, ndipo amama anasamukira ku benchi ya amayi a chigwirizano osabwererakonso.

Adada akakondwa nawo matenanti a m'mimbawo ankawalankhula m'Chitumbuka. Akafuna kuwadzudzula ankasinthira ku Chingerezi cha ku ofesi. Ana asukulu, amene sachedwa kutola zoterezi, anayamba kupereka moni pawiri.

"Mwawuka uli, adada?"

"Nawuka makora."

"Nanga a m'katimo?"

"Nawonso adzuka bwino chomene, yewo. Ndi anthu aukhondo kuposa inu."

Ndivomere kuti masiku amenewo adada anali osangalala kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire matenda. Ankadzuka ndi cholinga. Munthu amene anauzidwa kuti thupi lake likutha anali atapeza kuti m'thupi lomwelo muli malo ochititsa lendi. Ndinkaseka nawo, ndipo ndikamabwerera ku Masasa pa minibasi ndinkadzipeza ndikumwetulira ndekha.

Kuseka kunatha tsiku limene ndinapeza mkoko wa nthochi utapachikidwa pakhonde. Adada anali atafunsa lekichala kuti matenanti awo amadya chiyani. Iye anayankha zoona, kuti tizilombo totere timakonda zakudya zokhakhala monga nyemba, nthochi, mgaiwa ndi masamba, koma anawonjezera kuti kwa munthu wa impso nkhaniyi ndi yovuta, zina mwa zimenezi n'zoletsedwa, afunse adokotala. Mbali yachiwiriyo inapita kumene kunapita mwina uja. Uthenga unafika ku Nkhata Bay kuti mlamu akufuna nthochi, ndipo abale a amama, amene anakhala akudandaula kuti sakudziwa chothandizira, anaona kuti mwayi ndi umenewu. Minibasi iliyonse yokwera phiri inkabwera ndi mkoko wathu.

"Adada, nthochi anakuletsani," ndinatero.

"Anandiletsa ine, enya."

"Nanga izi?"

"Sindikudya ine, mama. Akudya ndi iwowa. Ine ndikungopereka njira."

Ine ndine wamtima wapachala, ndinatengera iwo omwewo. Ndinadula mkoko uja n'kugawira ana asukulu onse, ndipo anandithokoza ngati ndine phungu. Mawa lake ndinapeza wina utabisidwa kuseri kwa wadiropu. Nyemba zinkaphikidwa ine kulibe, koma nyemba sizibisika, pakhonde ponse pankachita kudziwika. Amama ndikawafunsa ankangoti, "Nanga ine nditani, anthu akufuna kudya." Sindinadziwe ngati akunena adada kapena enawo, ndipo ndikuganiza kuti nawonso anali atasiya kusiyanitsa.

Choopsa kwambiri ndinachitulukira mochedwa. Ndikusesa kuchipinda kwawo ndinapeza mapiritsi a bipi ali m'nsapato zija zinakana kulowa, ambirimbiri, osakhudzidwa. Ndinatuluka nawo m'manja. Adada sanachite n'komwe manyazi. Anandiyang'ana ngati ndine wophunzira ntchito amene waiwala phunziro loyamba.

"Sitipopera mankhwala m'nyumba muli anthu," anatero. "Umayamba watulutsa anthu. Ine anthu anga angolowa kumene, ndiwathire mankhwala pamutu?"

Ndinakalipa mpaka matenanti enieni anatuluka m'zipinda. Ndinawauza kuti akusankha tizilombo kusiya ana awo, kuti Lilongwe amene akumuthawayo akumuitana okha ndi manja awiri. Ndinakagogoda kwa lekichala n'kumuuza kuti moto anayatsawu adzauzime. Bambo uja anabwera atagwira chipewa m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, nafotokoza kuti mapiritsi a bipi sapha tizilombo ta m'matumbo, ndipo kuwasiya ndiye kupha impso. Adada anamumvetsera mwaulemu, namuthokoza. Lekichala atachoka adada anandiuza kuti munthuyo ndi wabwino koma amadziwa za nsomba. Anameza piritsi limodzi ine ndikuona, kuti nkhani ithe. Masiku otsatira amama ankati akumwa, koma amama sankayang'ana pansi pa lilime.

Miyendo inatupa mpaka m'maondo. Thupi linayamba kuyabwa, chakudya chinkabwerera, ndipo akayenda pang'ono ankapuma ngati akwera phiri. Ndikawaonetsa kutupako ankati matenanti achuluka, akuwonjezera zipinda, ndani sakuwonjezera ku Luwinga masiku ano. Ndinkafuna kuwamenya ndi kuwakumbatira nthawi imodzi. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha anga amatuluka ngati ukali, choncho masiku amenewo tinkangokangana.

M'mawa wina analephera kufika pa dzenje la zinyalala, limene ankaliyendera tsiku lililonse asanamwe tiyi. Anakhala pansi pakati pa kanjira kaja, masilipasi a eni ali mbali zonse, osawayang'ana n'komwe. Apo m'pamene amama anandiimbira foni. Popita kuchipatala adada anakana kukwera galimoto mpaka botolo lija litakulungidwa m'kathaulo konyowa n'kuikidwa m'thumba la jekete.

Anawatenga magazi, ndipo masana adokotala aja anatiitana tonse atatu. Anayang'ana zotsatira nthawi yaitali. Anati bipi yakwera koopsa, potaziyamu wachuluka, ndipo impso zatsika kwambiri kuchokera pamene anazionera komaliza. Anafunsa ngati mapiritsi akumwa. Ine ndinayankha m'malo mwawo, ndipo sindinabise kanthu, nthochi, nyemba, nsapato, zonse. Adada anadikira kuti ndimalize, kenako anatulutsa kathaulo kaja n'kufunyulula botolo patebulo mosamala, ngati akupereka mwana ku sikelo.

Adokotala analitembenuza, nawerenga. Sanakalipe. Anati zinthuzi amazidziwa, anthu akuzifufuza ndithu, ndipo n'kutheka kuti kwa ena zimachepetsako zoipa zina zochokera m'matumbo. Koma palibe amene wasonyeza kuti zingabweze impso, ndipo sizilowa m'malo mwa mapiritsi ngakhale pang'ono. Kenako anafunsa, mongofuna kudziwa, kuti amamwa bwanji.

Apa amama, amene anali chete tsiku lonse, anadzikonza pampando. Inali mbali yawo, ndipo ankadziwa kuti aigwira bwino.

"Pamenepo musadandaule, adokotala," anatero. "Sindiwapatsa zaziwisi yayi. Ndimathira m'phala lidakali pamoto, libwate bwinobwino, ndiye ndimaphula."

Panja wina ankakankha machira olira mawilo, ndipo tinawamvetsera mpaka anakhota.

"Mumawiritsa?" anafunsa adada.

"Enya."

"Masiku onsewa?"

"Nanga si munanena nokha kuti muli tizilombo?"

Mayiyu adada anamuphunzitsa okha, chaka ndi chaka, supuni ndi supuni, ndipo sanaphonyepo. Adada anayang'ana botolo, nayang'ana mimba yawo. Miyezi yonse ija analondera filiji, kuthamangitsa soseji za eni, kubisa nthochi ngati wakuba, kusiya mankhwala, zonsezo kuchitira anthu amene ankafika pakhomo ali maliro kale.

"Ndiye adokotala," anatero motsitsa mawu, "amene amandiyankha m'mimbamu ndani?"

"Ndi eni malo, adada. Munali nawo kuyambira muli khanda. Komanso nyemba."

"Chikhalirecho osalipira?"

Ndinaseka. Sindinafune, koma kunatuluka kuseka koipa, kokweza, kochita kugwira tebulo, ndipo pakati pake kunasanduka kulira osadziwa kuti kwasintha nthawi yanji. Adokotala anandidikira. Kenako ananena chimene tonse tinkachidziwa. Adada agonekedwa masiku angapo kuti potaziyamu atsike, ndipo akatuluka apite ku Lilongwe. Nthawi ya makina inali itakwana.

Asanatitulutse, adokotala anatembenukira kwa amama n'kuwauza momveka bwino kuti kuwiritsa kuja sikunawononge kanthu. Tizilomboto tikanalowa tamoyo, impso zikanatsikabe, chifukwa chimene chinazipweteka ndi bipi yosamwera mankhwala pamwamba pa matenda amene anali kale paulendo. Ananena kawiri. Koma kwathu tili ndi makutu osankha. Monga adada sanamve mwina, amama sanamve zimenezi. Chimene anamva n'chakuti mankhwala a amuna awo anali amoyo, ndipo iwo ankawapha m'mawa uliwonse ndi manja awo.

Anasiya kuphika. Adada ali m'chipatala, chakudya ndinkaphika ndine, amama n'kumangonyamula. Atatuluka, amama ankachapa, kusita ndi kulongedza katundu wa ulendo, koma poto wa adada sankamukhudza. Ndikawapempha ankabisa manja m'chitenje n'kunena kuti, "Phika iwe, manja angawa apha." Ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa kukalipa, osathandiza. Awiriwa sankakangana. Ankapatsana moni mwaulemu ngati anthu okumana pa siteji, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mkangano. Phala langa limakhala ndi mibulu, ndipo adada ankalidya osadandaula, chinthu chimene sichinachitikepo.

Chipinda chawo chogona anagamula okha kuti chilowe ana asukulu awiri, poti amama ankapita nawo ndipo nyumba sikhala yopanda anthu. Anawasankha okha, atsikana awiri ophunzira zauphunzitsi, nawaimika pakhonde n'kuwauza malamulo onse, ngakhale mpweya unkawathera pakati pa chiganizo. Chala chija anakweza ndithu.

Tsiku la ulendo kunacha ndi nkhungu, ija ya ku Mzuzu yonyowetsa zovala pa chingwe. Galimoto ya mnzake wa mchimwene wanga inali itaima pa geti. Adada anazungulira nyumba yonse atatsamira phewa langa. Anagwira khoma la chipinda choyamba chija, anayang'ana ngalande, anapeza kuti wina wataya madzi a mbale pakhomo koma anangodutsa. Lekichala anatuluka kudzatsazika, maso ali pansi. Adada anamugwira dzanja n'kumuuza kuti dzenje la zinyalala alisiya m'manja mwake, ndipo bambo uja analandira udindowo ngati wapatsidwa digiri ina.

Titabwerera pakhonde anati akufuna phala asananyamuke. Ndinaimirira.

"Lako yayi," anatero.

Analowa m'nyumba okha, akugwira makoma. Ndinamva filiji ikutseguka. Kenako ndinawaona akulowera kukhitchini, kumene sindinawaonepo chibadwire changa, botolo lili m'manja. Ndinawatsatira n'kuima pakhomo. Amama anali atakhala pa kampando, atavala kale zapaulendo, mbaula ili pambali yosayatsa.

"Amama, ndipangireni phala," anatero adada. "Monga mwa masiku onse. Muthiremo, libwate."

Amama sanadzutse mutu. "Afa," anatero.

"Enya, afe. Kumene ndikupitaku ine ndikukakhala tenanti. Lamulo mukulidziwa, tenanti salowetsa tenanti mnzake."

Amama anatulutsa manja m'chitenje, nalandira botolo. Anayatsa mbaula, ndipo poti makala anali onyowa ndi nkhungu, panatenga nthawi. Woyendetsa galimoto analiza hutala, ine ndinatuluka kukamuuza kuti adikire, ndipo mmene ndinamuuzira sanalizenso. Nditabwerera ndinapeza adada atakhala pa kampando kaja, akuyang'ana mkazi wawo akutsegula kapusozi ndi zikhadabo, kuthira ufa uja m'poto, n'kutakasa. Analisiya libwate nthawi yaitali, mmene anaphunzitsidwira, misozi ikutsikira m'chibwano, ndipo adada ankagwedeza mutu ngati woyendera amene wapeza khitchini yopanda chifukwa.

Anadyera momwemo, mbale ili pamiyendo. Munthu amene kwa masabata ankangolawa n'kukankha mbale anadya lonse, nakombeza ndi supuni. Atamaliza anati, "Yewo chomene," napereka mbale kwa amama, ndipo amama anaitsuka ndi madzi otentha asanakwere galimoto.

M'nyumba ija adada sanagonemonso.